Madzi a Pampopi mu Radiyeta

Matenda anga okonda galimoto za Chimereka anandigwira ku Limbe ndili mwana. Mmwenye wina wa sitolo ya nsalu anali nayo yofiira, ya zitseko ziwiri, boneti yake yaitali ngati tebulo. Ikalira, kugunda kwake ndinkakumvera m'mimba. Ndinalumbira kuti tsiku lina ndidzakhala ndi yanga, anzanga n'kundiseka mpaka misozi.

Yangayo ndinadzaipeza imvi zitayamba, m'zaka za m'ma 1990, nditasamukira kudziko la azungu, kuseri kwa nyumba ya mzungu wina ku Barking. Chiphakasa chenicheni! Dzimbiri paliponse, makoswe ataswana m'mipando. Koma injini yake ya masilinda eyiti inalipo yathunthu, ndipo chimene ndinkafuna pa dziko lino n'kuimva injiniyo ikulira, phazi langa lili pamoto.

Ine ndinali munthu wa muofesi, sipanala sindinkaidziwa kogwira. Anandithandiza ndi mdala wina wa ku Chipata, wa mpingo wathu ku Tottenham, amene ankakonza mabasi. Anandibwereka galaja yawo osafuna kanthu. Loweruka lililonse kwa zaka ziwiri tinkamasula, kutsuka, kupala dzimbiri, zala zitauma ndi chisanu. Ndikamalimbana ndi bawuti yokakamira ankati, "Imwe, bawuti samenyana nayo, amaipempha." Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinathyola zingapo ndisanamve.

Ntchito ili pafupi kutha, mdala anapita kwawo kukakwatitsa mwana. Anandiuza kuti ndiwadikire, tidzailize limodzi. Kudikira ine? Masabata anayi? Ndinapirira awiri, sabata yachitatu ndinamanga zotsala ndekha. Ndinathira oyilo, ndinathira petulo, radiyeta n'kuidzaza madzi a pampopi monga timachitira kwathu. Paja kwathu kondakitala amatunga madzi pachithaphwi, kuthira, basi n'kukafika ku Mzuzu bwinobwino. Za mankhwala oletsa madzi kuundana ndinali nditazimvapo, koma ndinkati ndi madyaidya a azungu.

Inalira, abale! Malata a galaja ananjenjemera. Ndinayenda nayo m'kanjira ka kuseri kwa magalaja, uku ndi uku, chiwongolero chili kumanzere, anthu akusuzumira pamawindo. Sindibisa, misozi inatsika. Kenako ndinaibwezera m'galaja n'kukhoma, ndikuganiza za m'mene ndidzawadabwitsire mdala.

Sabata yotsatira kunagwa chisanu choopsa, madzi a m'misewu n'kuuma gwa. Ine tsiku ndi tsiku ndinkakwera sitima kupita kuntchito ndikuimba kanyimbo mumtima, osaganizako kanthu.

Mdala atabwera tinapita kugalaja Loweruka m'mawa. Titatsegula, pansi pa galimoto panali thamanda la madzi ofiirira. Iwo anagwada, kuunika ndi tochi, n'kuyendetsa chala pambali pa injini. Panali mng'alu kutalika kwake ngati chikhatho changa.

"Mu radiyeta munaikamo chani?" anandifunsa.

"Madzi."

"Manzi chabe?"

"Eya, bambo."

Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti kuno madzi akaundana amatupa, ndipo chitsulo chimang'ambika mkati. Injini imeneyo sikanaliranso. Manyazi anandigwira, mkwiyo n'kubwera pamwamba pake. Ndinkafuna andikalipire kuti nanenso ndipeze poyankhira, ndinene kuti dziko lanji loumitsa madzi ngati mwala. Sanakalipe ayi. Anavula chipewa, anakoka kreti yopanda kanthu, n'kukhala pambali panga monga timakhalira ndi anamfedwa. Tinakhala choncho nthawi yaitali, mpweya wathu ukufuka.

Kenako anati, "Pepani, mwana wanga. Ndiye kuti munailiza."

"Ndinailiza."

Anayang'ana manja awo, zikhadabo zakuda ndi girizi wa galimoto yanga.

"Ndiuzeniko," anatero. "Inalira bwanji?"