Kamera Yachitatu pa Maliro a Goodson

Aphunzitsi Ezekiel Jere anaphunzitsa kwa zaka makumi atatu pa sukulu ina kufupi ndi Madzimoyo. Amene anadutsa m'manja mwawo amawakumbukira chifukwa chodana ndi chiganizo chosamveka: ankachizunguliza ndi inki yofiira, mwana n'kulembanso mpaka chiwongoke. Atapuma pantchito, akazi awo atamwalira, anasamukira ku Kapata, m'tauni ya Chipata, kwa mwana wawo Millicent.

Millicent anaphunzira za makompyuta ku Lusaka. Ntchito yake inali yoonetsa maukwati ndi maliro pa intaneti, kuti abale akutali aziona zonse pafoni nthawi yomweyo. Anali ndi makamera atatu. Poyamba ankasankha yekha chithunzi chopita kwa oonera, koma ntchito itamuchulukira anaika pulogalamu ya AI kuti izisankha. Pulogalamuyo inkaona zithunzi, koma mwambo sinkaudziwa. Inkangotsata mawu amene Millicent analemba ofotokoza ntchito ya batani lililonse la pa laputopu yake.

Mwezi wa Juni, Goodson Sakala, woyendetsa minibasi amene a Jere anamuphunzitsa ali mwana, anafa pangozi mumsewu waukulu wopita ku Lusaka. Mlongo wake Sesiliya ndi amene anaitana Millicent.

"Chinthu chimodzi chokha ndikupempha," anatero Sesiliya. "Nthawi yoona nkhope musaonetse. Amama agonekedwa m'chipatala ku Kitwe, aziona pafoni, ndipo sitinawauze mmene anavulalira."

Millicent anavomera, nalembera pulogalamuyo kuti bokosi la maliro likatsegulidwa ibise.

Tsiku la maliro a Jere anakhala kumbuyo kwa tchalitchi, pafupi ndi tebulo la laputopu, chifukwa maondo sankawalola kuima nthawi yaitali. Abusa atamaliza ulaliki, maikolofoni ya kwaya inazima, Millicent n'kuthamangira kutsogolo kukaikonza. Nthawi yomweyo akuluakulu anatsegula bokosi, anthu nayamba kundanda.

A Jere anaponya maso pa laputopu. Nkhope ya Goodson inali itadzaza galasi lonse, zosoka za achipatala zikuoneka kuyambira pamphumi mpaka kukhutu. Pakona panali nambala ya oonera: makumi asanu ndi atatu.

"Millicent!" anakuwa, koma kwaya inali itayamba kuimba.

Anayang'ana mabatani, onse ofanana. Anagwira nthambo zonse zimene zinali patebulo n'kuzizula. Galasi linada. Koma panali patapita pafupifupi mphindi yathunthu.

Asanafike n'kumanda komwe, foni ya Sesiliya inalira. Amayi ake aja anali atakomoka pabedi ku Kitwe.

Masiku awiri Millicent sanadye. Ankangoti agulitsa makamera. Tsiku lachitatu a Jere anamupeza pakhonde.

"Makina aja anakukanira, kapena anakumvera?" anafunsa.

"Sindikudziwa, atate. Ndinawauza kuti abise."

"Kandisindikizire zonse zimene unawalembera. Papepala."

Zinali tsamba limodzi lokha, m'Chingerezi. A Jere anavala magalasi, nawerenga kawiri, kenaka anayang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba.

"Walemba ndiwe izi?"

"Ndine, atate."

"Mabatani khumi ndi limodzi, tsamba limodzi! Apa pali batani lotchedwa kubisa, ndipo pansi pake walemba kuti limabisa. Limabisa chiyani?"

Millicent anaweramitsa mutu. "Limabisa dzina la wolankhula, lija limaoneka pansi pa chithunzi."

"Nanga lobisa chithunzi chenichenicho ndi liti?"

"Lachisanu ndi chinayi."

"Limene walemba kuti ndi la nthawi yopuma? Ine ndikanadziwa bwanji? Nanga apa, kamera yachitatu: igwiritsidwe ntchito anthu akaunjikana malo amodzi. Mwana wanga, pamaliro anthu amaunjikana pati?"

Millicent anagwira pakamwa. Pulogalamuyo sinaphonye kanthu. Inauzidwa kuti ibise, inabisa dzina. Inaona anthu aunjikana, inapita pomwepo.

Chimene chinawaopsa kwambiri a Jere n'chakuti tsambalo linali litatsogolera maukwati ndi maliro oposa makumi awiri popanda munthu wina kuliwerenga. Millicent atawaonetsa malangizo a mapulogalamu ena amene anzake a ntchito yomweyo ankatenga pa intaneti, anapukusa mutu: ambiri anali osamveka kuposa ake. Ena ankangobwereza dzina la batani. Panalibe ndi limodzi lomwe lonena nthawi imene batani siliyenera kukhudzidwa.

Loweruka anapita onse awiri kwa a Sakala kukapepesa. A Jere ndi amene analankhula, chipewa chili m'manja. Amalume a Goodson anawalandira mwaulemu. Sesiliya anakhala atawafulatira pakhomo la khitchini, osatembenuka mpaka alendo ananyamuka.

Millicent analembanso malangizowo kanayi. Atate ake ankafuna kuti pa batani lililonse pakhale zinthu zitatu: chimene limachita, chimene anthu akutali aone likadinidwa, ndi nthawi imene siliyenera kudinidwa. Kenaka a Jere ankapereka mapepalawo kwa amayi Molly Tembo, oyandikana nawo nyumba, ogulitsa tomato amene sanagwirepo laputopu, n'kuwafunsa kuti, "Mkwati wagwa m'tchalitchi. Mudina liti?" Amayiwo akazengereza, Millicent ankabwerera pampando kukalembanso. Tsamba limodzi lija linasanduka masamba asanu ndi awiri.

Mbiri inamveka. Masiku ano anthu ojambula a m'Chipata, ngakhale a ku Katete, amabweretsa mapepala awo ku Kapata, ndipo a Jere amawachonga pakhonde m'mawa kusanatenthe. Mpaka lero sadziwa kuyatsa laputopu.

Amayi a Goodson anatsitsimuka, natuluka m'chipatala patatha milungu itatu. Anatumiza mawu kuti alibe mangawa ndi munthu, poti mwana wawo anamuona. Koma Sesiliya akakumana ndi Millicent pamsika amapatukira mzere wina, ndipo maliro alionse Millicent sachoka pa laputopu bokosi lisanatsekedwe.