Theka la Kompirimidu

Fungo la thumba lonyowa likandipeza, ngakhale kuno ku Tete kotentha, ndimabwerera m'khitchini mwathu kuseri kwa Fonte Boa, chaka chimene ndinali m'kalasi yachitatu. Mvula inagwa masabata awiri osapuma. Mlatho wa mitengo unapita ndi madzi, kusikola sitinkapitanso, ndipo shapa, minibasi ya ku Ulongwe, tinkangoimva m'nkhani. Zovala sizinkauma, mchere unasungunuka m'chitini, makoma ankachita thukuta. Tinangokhala m'nyumba ngati nkhuku zovundikiridwa dengu.

Tinali ndi mphaka wamkazi, Bolasha, mlonda wa nkhokwe yathu. Ulondawo unali wa dzina chabe, nthawi zambiri ankagona pamiyendo panga. Tsiku lina m'mawa anabwera akukoka mwendo wakutsogolo, waya atalowa mpaka pafupa. Unali msampha wa a Zakariya, oyandikana nafe, omwe ankatchera nyenga yowathera nkhuku. Anabwera okha kudzapepesa, chipewa chili m'manja, koma amayi anawayankha mozizira.

Amayi anatsuka balalo ndi madzi amchere, kulimanga ndi kansalu, n'kumuika Bolasha m'dengu pafupi ndi moto, lichero pamwamba kuti asathawe. "Dokotala wa ziweto ali ku Ulongwe, nanga ife tiuluke?" anatero. Masiku awiri mphaka analira m'dengumo, kulira kwapansipansi kosalekeza. Panja mvula, m'nyumba kulirako, kothawira kunalibe. Ndinkatseka makutu ndi chitenje koma kunkandipezabe.

Pamwamba pa kabati panali chitini cha makompirimidu a parasetamolo amene amayi analandira kuposhito, kachipatala kathu kaja. Ndinkawadziwa bwino, ndi omwe ndinkamwa mutu ukandipweteka. Ndinawerengera ndi nzeru zonse za mwana: wamkulu amamwa awiri, ine limodzi, ndiye mphaka theka. Amayi atapita kukakumba kachewere asanaolere m'munda, ndinaphwanya thekalo ndi supuni n'kusakaniza ndi phala. Bolasha ananyambita pang'ono, lotsala ndinamukankhira m'kamwa ndi chala. Dzuwa lisanalowe anasiya kulira. Ndinasangalala kwambiri, moti m'mawa mwake ndinamupatsanso theka linalo.

Pofika masana nkhope yake inali itatupa, nkhama zitada ngati dothi la m'dambo, mpweya ukuvuta. Anafera m'manja mwanga. Amayi atamuyang'ana m'kamwa anaimirira n'kutuluka pamvula opanda chofunda. Ndinawamva kumpanda: "A Zakariya, msampha sunakukwanireni? Mpaka mankhwala a makoswe?" Bambowo analumbira potchula Mariya Woyera, koma palibe anawakhulupirira. Nanenso ndinawada ndi mtima wanga wonse. Za theka langa sindinanene, poopa kukwapulidwa chifukwa chogwira chitini, komanso ndinkaona kuti pa anthu onse ndine ndekha ndinamuchitira chifundo Bolasha. Kuyambira pamenepo amayi ankasankha benchi lakutali nawo kutchalitchi, mpaka a Zakariya anamwalira.

Ndinali ndi ana anga kale pamene ndinapita ndi galu wathu wovulala mwendo kwa dokotala wa ziweto. Anandipatsa mankhwala amadzi opangira agalu, ochepetsa ululu ndi kutupa, n'kundichenjeza kuti ndisayerekeze kumupatsa a anthu. "Makamaka mphaka, mayi," anatero uku akulemba. "Parasetamolo, ngakhale theka lokha, amatupa nkhope n'kufa." Ndinakhala pabenchi galu ndili naye m'manja.

Mwana uja, ine wa nthawi imeneyo, ankadziwa kuti waletsa kulira kwa Bolasha, ndipo sankanama. Ine lero ndikudziwa mmene ndinaletsera kulirako. Amayi alipo, akalamba, ndipo akamadutsa pabwinja la a Zakariya amayang'anabe kumbali. Chaka chilichonse ndimakwera shapa yopita kwathu mawu oti ndikawaululire nditawakonza bwinobwino, n'kubwerera nawo.