Mpanda Wosunthidwa wa pa Nsaru

Chaka chimene fodya wathu anakanidwa ku okushoni, ndinauza mkazi wanga, make Chisomo, kuti ndikupita ku Joni. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga nyumba tayamba pa Nsaru ija amaliza ndani?" Ndinati ndizitumiza ndalama.

Kumeneko ndinapeza ntchito yosamalira maluwa pamalo ena a nyumba zambiri zokhala mu mpanda umodzi. Eni nyumbazo anali ndi komiti yawo yoika malamulo. Mayi ena amasiye, okalamba, mmodzi wa eni nyumbazo, anandipatsa kachipinda kuseri kwa galaja yawo. Lamlungu ndinkakhala pakhomo pa kachipindako, foni ili m'manja, kudikira kuti kumudzi aweruke kutchalitchi ndiimbe.

Kenako komiti inalamula kuti antchito asamagone mumpandamo. Mayi aja anakana, n'kukadandaula ku ofesi ya boma yoweruza mikangano ya eni nyumba. Tsiku la mlandu ananditenga, koma ndinatsala panja. M'katimo ankakamba za pogona panga, koma palibe anandifunsa kanthu. Mayi aja atatuluka anangondigwira dzanja n'kunena kuti taluza. Ndinasamukira kukomboni, komwe tinkagona ambiri m'chipinda chimodzi koma osadziwana. Kumudzi sindinauzeko munthu.

Nditabwerera ndinapeza nyumba yatha, yamalata, koma mpanda wa mbali ya kumsewu unali utalowa m'kati. Ndinafunsa kuti chinachitika n'chiyani.

"Komiti ya eni mapuloti inati tatseka njira ya kumjigo," anatero make Chisomo. "Ankafuna kugumula ndi khitchini yomwe. Ndinapita kukhonsolo, anatumiza oyeza malo, anatimva tonse. Khitchini inapulumuka, mpanda tinasuntha."

"Bwanji osandiuza?"

"Mukanatani muli kutali? Inunso pafoni munkangoti zonse zili bwino, eti?"

Mawa lake kunabwera abambo awiri okangana za ngalande ya madzi a mvula. Ndinanyamuka kuti ndiwalandire. Anandipatsa moni mwaulemu ngati mlendo, n'kufunsa kuti, "Kodi apampando alipo?" Apo m'pamene ndinadziwa kuti amene akutsogolera komiti ya eni mapuloti ija tsopano ndi mkazi wanga.

Anatuluka akupukuta m'manja pachitenje, n'kuwatengera pakhonde. Ine ndinawatulutsira mipando. Atayamba kukambirana ndinaima pabwalo la nyumba yanga yomwe, osadziwa ngati ndikhale nawo kapena ndilowe m'nyumba.