Kakhobidi ka ku Dziko la Madzi Ouma

Ndikakumbukira agogo anga a Fombe, bambo awo a bambo anga, ndimamva fungo la mkuwa lomwe linkatsalira m'zala zawo akatha kusanja makobidi pamkeka, pansi pa bwemba kwathu ku Tengani, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira mosapuma.

Pa unyamata wawo ankasonkhezera moto m'sitima za pamadzi zopita ku Chinde, ndipo kumeneko anaphunzira kupempha amalinyero makobidi a maiko awo. Ogulira mchere? Ayi ndithu, ongoyang'ana basi! Agogo aakazi ankati, "Bambo awa amaweta zitsulo ngati nkhuku, koma dzira lake sindinalionepo."

Makobidiwo ankawapatula mosamala. "Amaso" anali aja oti chisoti cha mfumu chikuoneka mzere uliwonse. "Otopa" anali ofufutika ndi manja a anthu. Omwe azimayi anawaboola kuti azivala m'khosi ankawatcha "akufa", ndipo ankawaponya kumapeto kwa mkeka akutsonya.

Koposa onse kanali kakhobidi koyera mbee, komwe mnzawo wakale anawabweretsera atakalamba kale. Ankati n'kochokera ku Aisilandi, kumene madzi amauma ngati mwala. Ine ndinkaseka, ndimvekere agogo bodza! Ankakasunga mu thonje, ndipo ngakhale ine, kamtsikana kawo kapamtima, sankandilola kukakhudza.

Mayi atamwalira, atsibweni anabwera kuchokera ku Chikwawa kudzanditenga, poti mayi anali Amang'anja, ndipo kwawoko mwana ndi wa kuchikazi. Agogo anachonderera atavula chipewa.

"Msiyeni, chonde, mpaka tithyole thonje."

"Pepani bambo, abale ake akumudikira," anatero atsibweni.

Tikumanga katundu, ndinamva go! go! kuseri kwa nkhokwe. Ndinathamangirako. Ndinawapeza agogo atagwada, msomali kudzanja lino, mwala kudzanja linalo, kakhobidi kaja kali ndi bowo.

"Agogo, mwakapha!"

"Nanga thumba uli nalo iwe? Ukanakataya usanafike pa Ngabu."

Anakapisa chingwe cha thonje n'kundimangirira m'khosi, osandiyang'ana kumaso. Sindinawaonenso.

Lero ndine nkhalamba, koma ndimawasowa ngati ndachoka dzulo. Chisoti cha mfumu cha pa kakhobidi kaja chinafufutika kalekale. Chotsala ndi timabala pambali pa bowo, pomwe msomali unkaterereka m'manja mwawo, ndipo chala changa chimangopitapo chokha.