Anandisainitsa za ubongo wa mwana wanga ndili chigonere

Mphindi 15. Ndi zimene anandipatsa pachipatala china chachikulu muno mu Kitwe kuti ndisankhe za ubongo wa mwana wanga.

Ndinabereka ndi opareshoni Lachiwiri pa 08:20. Mwana sanalire. Anathamanga naye osandionetsa ngakhale phazi. Ine anandikankhira ku wodi, miyendo ili dzanzi, paipi ya mkodzo m'thupi, diripi pamkono. Kudzuka sindikanatha.

Pa 11:00 kunabwera dokotala wachitsikana. Anati mwana anasowa mpweya pobadwa, ubongo wavulala pang'ono chabe, azingomuyang'anira. Ndinathokoza Mulungu.

Pa 13:50 kunabwera dokotala wina wamkulu, fomu ili m'manja. Anati akufuna kumugoneka pa kamphasa kozizira masiku atatu kuti ubongo usawonongeke, ndipo ziyenera kuyamba asanakwane maola 6 chibadwire. Ndinawauza kuti anzawo anena zina. Anayankha kuti kwa ana ovulala pang'ono, ngakhale madokotala sagwirizana ngati kuziziritsa kumathandiza, choncho ndisankhe ndekha. Abweranso 14:05.

Ndekha? Inu ophunzira mwalephera kumvana, ine wogulitsa zovala za salaula kukomboni ya Ndeke ndiye ndidule mlandu?

Ndinapempha kuti aitane bambo a mwana. Anali pageti, atathawa ntchito ku Ndola, koma mlonda anawauza kuti nthawi yoona odwala yatha, adikire madzulo. Foni yanga inali m'chikwama chimene ananyamula iwowo.

Fomu inali ya Chingelezi, masamba anayi. Ndinapempha nesi kuti andimasulire. Anangondiikira cholembera m'dzanja, n'kulankhula mosakaniza ndi Chibemba.

"Mayo, saineni fye, nthawi ikutha."

Ndinasaina. Mukanakhala inu mukanatani?

Mwana ndinamuona koyamba tsiku lachiwiri, atandikankha pa njinga ya odwala. Anali ndi thewera lokha, mawaya pachifuwa, akunjenjemera. Nditamugwira kadzanja, nesi anati ndichotse dzanja, ndimutenthetsa. Ndinafunsa ngati akumva kuwawa. Anati ndifunse dokotala. Dokotala anati ali paulendo woona odwala, abwera. Sanabwere. Masiku atatu ndinkakama mkaka m'kapu, kuupereka pakhomo la chipinda cha makanda ngati ndikupereka chakudya kundende.

Tinatuluka tsiku lachisanu ndi chinayi. Anati tibwerenso pakatha masabata 6 kuti amuyeze. Ndinapita, ndinakhala pabenchi kuyambira 07:30 mpaka 12:00, anati fayilo sikuoneka. Ulendo wachiwiri, dokotala wa ana ali kumsonkhano. Ulendo wachitatu fayilo inapezeka, koma munalibe tsamba la kuziziritsa. Mayi wa pa desiki anandifunsa ngati ndikutsimikiza kuti anali mwana wanga amene anamuziziritsa.

Kodi pali mayi amene amasokoneza mwana wake?

Dalitso ali ndi miyezi inayi tsopano. Amayamwa, amaseka. Koma akangodzidzimuka kapena kufumbata nkhonya nthawi yaitali, ndimasowa womufunsa. Kuchipatala cha kwathu amati pitani kumene anam'chitira. Kumene anam'chitirako amati palibe cholembedwa.

Inu oyembekezera, musalowe mu wodi opanda foni, ndipo musatuluke opanda kalata yofotokoza zimene mwana wachitidwa.

Inu akuluakulu a chipatala, tsamba lija lili kuti? Pa madokotala awiri aja, wolondola anali ndani? Lolemba ndikubweranso ndi Dalitso kumsana. Pabenchipo sindichoka mpaka wina akhale nane pansi, andiuze m'chilankhulo chimene ndimamva zimene munam'chita mwana wanga.