Nyemba za ku Lione

Ntchito yogulira boma katundu sindinachite kuifunsira. Ufulu utangobwera, Mpwitikizi amene ankaigwira mu ofesi yathu anakwera ndege ndi banja lake, n'kusiya makiyi patebulo. Ine ndinali wosesa komanso wotumidwa, mwana wa msodzi wa ku Meponda, koma ndinkatha kuwerenga ndi kulemba Chipwitikizi. Anangondiitana, kundilozera mpando, n'kundiuza kuti kuyambira tsiku limenelo wogula ndine. Ofesi yathu inkadyetsa ana a m'sukulu zogonera komweko, choncho pankafunika chimanga, nyemba, nsomba, mchere, sopo, ndiponso mabulangete, pakuti kuzizira kwa ku Lichinga kulibe masewera.

Ntchitoyo ndinaiphunzira ndi kulakwitsa. Ndinagulapo nyemba zofumbwa. Ndinagulapo usipa wosaumitsitsa umene unafika m'tauni ukununkha, ndipo amene anandigulitsa anali msuweni wanga. Pang'ono ndi pang'ono ndinazolowera kupisa dzanja mpaka pansi pa thumba, kuluma njere ya chimanga, ndi kukana m'bale wanga ndikumuyang'ana m'maso.

Maulendo onsewo ndinkayenda ndi motorisita, woyendetsa lole ya ofesi, Myao wachikulire amene tonse tinkamutchula kuti amjomba. Anali ndi ana aakazi okhaokha, ndipo ankakonda kunena kuti Mulungu anawamana mwana wamwamuna n'kuwapatsa lole. Nthawi ya swala, pemphero la Chisilamu, ikakwana ankaimitsa galimoto kulikonse kumene tafika, kuyala mkeka wawo m'mbali mwa msewu, ine n'kumadikira. Ngakhale ndinali wamsinkhu wa ana awo, ankanditchula kuti akalaliki, mwina mondilemekeza, mwina mondiseka, sindinadziwe bwinobwino.

Patapita zaka zingapo m'masitolo munayera. Alimi anayamba kukana ndalama. Mayi wina wa ku Lione anandifunsa ngati ndalamazo azizivala kapena azithira m'ndiwo. Ndinabwerera ku ofesi n'kukapempha kuti andilole kunyamula mchere, makasu, sopo ndi zitenje za kapulana, ndizikasinthanitsa ndi mbewu. Poyamba anakana, kenako anavomera, ndipo chaka chimenecho ana a sukulu sanagone ndi njala. Anandikweza kukhala wachiwiri kwa shefi, mkulu wa zogula, nkhalamba yodwaladwala imene inkangodikira kupuma. Ndinapeza nyumba ku Sanjala, m'tauni ya Lichinga momwemo, n'kukwatira.

M'masiku omwewo kunabwera diretori watsopano, mkulu wa ofesi yonse, kuchokera kummwera, munthu wolankhula bwino, wonunkhira sopo amene ife tinali titamuiwala. Anandikonda, kapena ndinkaganiza choncho. Anandiuza kuti ku Maputo kukutsegulidwa maphunziro a ogula katundu wa boma, malo a chigawo chathu ndi amodzi okha, ndipo malowo ndi anga. Pobwera kumeneko ndidzakhala shefi. Mkazi wanga anandisokera malaya awiri a ulendowo.

Nkhondo inali itafika kale m'misewu yathu. Sitima inasiya kubwera. Kutuluka m'tauni kunkafunika kudikira koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. M'nyumba yathu yosungira katundu munatsala ufa wochepa ndi mchere, ndiwo kunalibe. Ndiye kunamveka kuti akuluakulu a ku likulu akubwera kudzaona sukulu. Diretori anandiitana n'kunena kuti alendowo apeze nyemba m'mbale za ana. Ndinamuuza kuti nyemba zilipo ku Lione, ndinazisinthanitsa kale, koma koluna yopita kumeneko inyamuka alendowo atabwera kale n'kupita.

"Lione si patali, kamarada," anatero. "Mupite m'mamawa, dzuwa likamapendeka mwafika. Munthu amene akufuna kukhala shefi samadikira kuperekezedwa."

Nditawauza amjomba, anapukuta manja ndi kansanza. Kenako anati anthu ochokera kumeneko akunena kuti msewu sunagone bwino. Ndinawauza kuti ndikhoza kukafuna motorisita wina. Anandiyang'ana mokhumudwa.

"Akalaliki, lole imeneyi sinayendetsedwepo ndi munthu wina. Tiyeni, inshallah tikabwera."

Popita sitinaone kanthu. Alimi anatithandiza kupakira mwachangu, ndipo mmodzi wa iwo anatiuza kuti tisachedwe ndi kudya. Pobwerera, tikutsika kachitunda kolowera pamlatho wa kamtsinje, mfuti zinalira kuchokera m'tchire. Galasi lakutsogolo linaphulika. Amjomba sanaime. Anaponda mafuta, tinawoloka mlatho, ndipo ndinaganiza kuti tapulumuka, mpaka ndinaona kuti malaya awo anyowa kuyambira pachifuwa. Lole inayenda pang'ono yokha n'kukagwera m'ngalande. Ndinawagwedeza, kuwaitana, osayankha. Pofuna kutsika ndi pamene ndinazindikira kuti mwendo wanga wamanzere sukundimvera. Ndinakwawa n'kulowa m'udzu. Ndili gone momwemo ndinkamva zigawenga zikutsitsa matumba, zikuseka, kenako fungo la matayala akupsa. Thupi la amjomba analikokera pamsewu asanayatse moto. Sindidziwa chifukwa chake anachita zimenezo.

Asilikali anatitola tsiku lotsatira. Amjomba anaikidwa ine ndili m'chipatala, ndiye ngakhale dothi sindinawaponyere.

Alendo aja anabwera monga anakonzera. Mkazi wanga anandiuza kuti ana a sukulu anadya mpunga ndi nsomba zam'chitini, zimene zinatuluka m'nyumba yosungira chakudya cha akuluakulu. Chakudya chinalipo nthawi yonseyo, pafupi ndi ofesi yathu pomwepo. Ndinatembenukira kukhoma.

Diretori anadzandiona kamodzi, atanyamula malalanje. Anandigwira phewa n'kunena kuti dziko silidzaiwala. Za maphunziro sanatchule. Ndinadzamva kwa mnzanga wa mu ofesi kuti malo aja apita kwa mlongo wa mkazi wa diretori, mnyamata amene anali asanagulepo ngakhale thumba limodzi la chimanga. Chifukwa chimene anapereka chinali chakuti maphunziro sangadikire mwendo wanga.

Zimenezo ndikanazimeza. Chimene chinandikanika kukhosi chinabwera nditatuluka m'chipatala. Mkazi wa amjomba anafika kwathu ku Sanjala, anakhala pansi pakhonde, anakana mpando. Anandiuza kuti ku ofesi amuuza kuti sadzalandira chithandizo chimene boma limapereka kwa amasiye, chifukwa amuna ake anatulutsa lole popanda koluna, mwa kufuna kwawo, ndipo ndi mwayi kuti banja silikufunsidwa za galimoto yopsayo. Sanalire. Anangondifunsa ngati zinalidi choncho.

Ndinatenga ndodo yanga n'kupita kwa diretori. Ndinamukumbutsa mawu ake, monga anawanenera. Anandimvetsera modekha, n'kuyankha kuti iye anangonena kuti nyemba zikufunika, sanauze munthu kuti aphwanye lamulo la koluna. Anawonjeza kuti ndiganize bwino, chifukwa ngati nkhaniyo ifufuzidwa, amene anali wamkulu pa ulendowo ndine. Sindinasiye. Ndinayenda m'maofesi onse amene ndinkawadziwa, ndikutsimphina, kufotokoza nkhani yomweyo kwa anthu amene ankayang'ana pawindo. Aliyense ankandiuza kuti ino ndi nthawi ya nkhondo. Chimene ndinapindula n'chakuti dzina langa linayamba kudziwika ngati la munthu wovuta. Mayi uja anachoka m'nyumba ya boma n'kukakhala kwa achibale ake, kumagulitsa makala. Ine ndi mkazi wanga tinkamupatsa zimene tikanatha, koma zinali zochepa.

Mlamu wa diretori anabwera kuchokera ku Maputo ali shefi wanga. Sanali munthu woipa. Ankandipatsa ulemu, ankandifunsa chilichonse, ine n'kumagwira ntchito, iye n'kumasaina. Tinakhala choncho mpaka nkhondo inatha. Malaya awiri aja ndinawavala m'tauni momwemo mpaka anang'ambika m'khosi.

Mtendere utabwera, m'tauni munadzaza mabungwe akunja othandiza anthu obwerera kwawo. Limodzi linandilemba ntchito, chifukwa ndinkadziwa mudzi uliwonse wokhala ndi mbewu. Kumeneko ndinaphunzira kugula kwa mpikisano, kumene amalonda angapo amatchula mitengo yawo, iwe n'kusankha woyenera. Ndinakwera msanga, ndipo imvi zitayamba ndinakhala mkulu wa zogula. Mpando umene ndinaulakalaka ndili mnyamata ndinaupeza, koma mayi uja anali atamwalira kale, ndipo panalibenso chimene mpandowo ukanamuchitira.

Diretori uja anali atasiya za boma. Anali ndi malole ake tsopano, ndi sitolo yaikulu. Tsiku lina tinafuna wotibweretsera mbewu ya chimanga ndi makasu, ndipo iye anali mmodzi wa opikisana. Ndinafunafuna chifukwa chomukanira. Mtengo wake unali wotsika, mbewu yake inali yabwino, malole ake ankafika nthawi yake. Ndikanamukana, alimi akanadzala mochedwa. Ndinamusankha.

Anabwera yekha ku ofesi, atanenepa, n'kundikumbatira pamaso pa anzanga. Anawauza kuti ine ndi mwana wake pantchito, anandiumba ndi iyeyo. Kenako anandifunsa kuti motorisita wachikulire uja, wokonda kupemphera uja, ali kuti masiku ano. Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akundinyoza. Sankandinyoza. Anali ataiwaladi.

"Anafera pamsewu wa ku Lione," ndinatero.

Anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti nkhondo ija inatipweteka tonse. Atatero anafunsa tsiku limene tidzafune katundu wotsatira.

Ndinagula kwa iye zaka zonse zimene ndinakhala pampandowo, nthawi iliyonse imene anapambana mwachilungamo, ndipo ankapambana kawirikawiri. Pano ndinapuma. Ana anga anaphunzira, nyumba ndi yamalata, ndipo anthu a ku Sanjala akamalangiza ana awo amatchula ine, kuti ndinayamba ndi tsache n'kumaliza ndili shefi. Ndimangovomera. Atamwalira diretori uja, ku maliro ake kunali magalimoto mpaka kutseka msewu, ndipo anandituma munthu kudzandipempha kuti ndikalankhule m'malo mwa amene anagwira naye ntchito. Ndinayankha kuti mwendo ukundipweteka, ndipo tsiku limenelo unkandipwetekadi.