Juzi Yanga ndi Nsato ya Bambo

Ndinali ndi zaka khumi pamene nsato inalowa m'nyumba mwathu ku esiteti ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Bambo anali makaniko wa ku fakitale, ndipo bwana wina pobwerera kwawo anawasiyira njokayo pamodzi ndi bokosi lake lagalasi. Sinali nsato ya m'tchire mwathu muno. Inali yaifupi, yofatsa, ndipo ikachita mantha inkadzipinda ngati mpira, mutu n'kubisa pakati.

Bambo anali munthu wosayankhulayankhula. Ine sanandifunsepo ngati ndagona bwino. Koma akaweruka, asanasambe n'komwe girizi m'manja, ankayamba asuzumira m'bokosimo. Ankaisinthira madzi, ankaiwetera mbewa zoyera, anaipezera kamphika kosweka koti izibisalamo. Ikadya ankatiletsa kuigwira kwa masiku angapo kuti ingasanze. Maso ake akachita mbuu, kusonyeza kuti yatsala pang'ono kufundula, ankaiikira kansalu konyowa, ife n'kutiuza kuti tisasokose. Ndinkaima pakhomo mtima ukuwawa, ndikumva bambo akunong'oneza njoka ndi mawu ofewa amene ine sindinkawadziwa.

Tsiku lina mu Juni kunagwa chiperoni, minda ya tiyi yonse inabisika mu nkhungu, magetsi n'kuzima. Babu lomwe linkafunditsa bokosilo linazizira. Bambo anathira madzi otentha m'botolo, n'kulikulunga ndi juzi yanga yofiira, ija anandigulira ku Limbe, kuti botololo lisawotche njokayo. Nditaona juzi yanga m'bokosimo, ndinalira.

"Ababa, mumakonda njoka kuposa ine."

Bambo anavula jekete lawo lonunkha dizilo n'kundiveka.

"Iwe ukamva kuzizira umanena, Esinati. Iyi siinena. Ukadikira kuti idandaule, uipeza itafa."

Anandikhazika pambali pawo n'kundionetsa zoti ndiziyang'ana: mbali ya bokosi imene yagona, mmene ikupumira, ngati yakana chakudya. Masana magetsi atayaka anaiika m'manja mwanga. "Usaifinye. Ingoichirikiza pansi, iyende yokha." Inali yolemera, youma, yosaterera monga ndinkaganizira. Nsanje sinathe tsiku limenelo. Ndinangoyamba kuisamala kuti ndizikhala pafupi ndi bambo.

Nsatoyo inakhala nafe mpaka nditapita ku sekondale. Patapita zaka zambiri, bambo atapuma pantchito, ndinapita kukawaona ku Khonjeni. Anati ali bwino, ndipo aliyense anawakhulupirira. Ine ndinaona kuti akhala padzuwa masana otentha, ndiwo asiya m'mbale, akupuma mofupikitsa. Sindinawafunse kachiwiri. Ndinaitana kabaza, tinapita kuchipatala, ndipo adokotala anati chinali chibayo, koma chinapezeka nthawi yabwino.

Pano ndimadziwa kuti tsiku la chiperoni lija bambo ankandiphunzitsa kusamala chilichonse chimene sichinena ululu wake. Sindikudziwa ngati ankazindikira kuti m'nyumba mwathu munali ziwiri zotero: nsato ija ndi iwo eni.